Kakonzedwe ka Potifoliyo kwa Wofuna Ntchito Yoyamba Yojambula Mapulani a Nyumba: Phunziro la ku Kasungu

1.0 Mawu Oyamba

Mlimi wa fodya wa ku Kasungu amadziwa kuti thukuta la chaka chonse limaweruzidwa m'kanthawi kochepa. Iye amafesa nazale dzuwa likuswa mtengo, amawokera mvula ikagwa, kenako amathyola, kusoka, kuumitsa, kusankha ndi kudinda. Koma belo likafika pa okushoni ku Chinkhoma, wogula amangosolola fodya pang'ono, kumuyang'ana, n'kutchula mtengo. Safunsa kuti mlimiyo ankadzuka nthawi yanji.

Zoterezi zimamuchitikiranso wachinyamata amene wamaliza maphunziro ojambula mapulani a nyumba ndipo akufuna ntchito yake yoyamba. Zaka zonse zimene adakhala pasukulu zimaonekera m'kabuku kamodzi kamene a ntchitoyi amakatcha potifoliyo. Chimangirizo chino chikufotokoza tanthauzo la potifoliyo, zimene olemba ntchito amayang'anamo, kasankhidwe ndi kasanjidwe ka ntchito zoikamo, komanso chuma chimene mwana wa ku Kasungu ali nacho pankhaniyi ngakhale kuti kawirikawiri sachizindikira.

Chidandichititsa kulemba nkhaniyi ndi zimene zidamuonekera msuweni wanga. Bambo ake adamuphunzitsa ndi ndalama za fodya wa bale mpaka adatenga digiri. Atamaliza adatumiza potifoliyo ya masamba oposa 50 kumakampani angapo, yodzaza ndi zithunzi za nyumba zosanja za magalasi okhaokha. Padatha miyezi yambiri popanda womuyankha, iye ali kumudzi kuthandiza kusoka fodya, anthu n'kumafunsa kuti kodi sukulu ija idapita kuti. Tsiku lina katswiri wina wachikulire adamuitana, natsegula masambawo mwachangu, n'kumufunsa funso limodzi: "Kodi pa nyumba zonsezi, ndi iti imene ingamangike kwanu?" Msuweni wangayo adasowa chonena.

2.0 Potifoliyo N'chiyani?

Potifoliyo ndi kabuku kamene munthu amasonkhanitsamo ntchito zake zosankhika pofuna kuonetsa luso ndi kaganizidwe kake. Imasiyana ndi satifiketi komanso CV. Satifiketi imanena kuti munthu adakhoza mayeso, CV imanena kumene adadutsa, pamene potifoliyo imaonetsa zimene manja ndi mutu wake zingathe kuchita.

Kuno ku Malawi ambiri a ntchitoyi adaphunzira ku Polytechnic mumzinda wa Blantyre, sukulu imene kuyambira mu 2021 idakhala yunivesite payokha yotchedwa MUBAS. Digiri yokha simupatsa munthu mphamvu yodzitcha katswiri wovomerezeka. Lamulo limafuna kuti alembetsedwe ku Board of Architects and Quantity Surveyors, ndipo asanafike pamenepo amayenera kugwira ntchito moyang'aniridwa ndi katswiri amene adalembetsedwa kale. Ichi n'chifukwa chake ntchito yoyamba ili yofunika kwambiri. Popanda iyo ulendo wonse umaima, ndipo ambiri amathera pojambulira anthu timapulani totsika mtengo mwamseri. Mmera m'poyamba.

3.0 Zimene Wolemba Ntchito Amayang'ana

Wolemba ntchito amakhala wotanganidwa, choncho amatsegula potifoliyo ali ndi mafunso ochepa m'mutu mwake.

Funso loyamba ndi lakuti: kodi munthuyu amaganiza? Chithunzi chokongola cha nyumba yomalizidwa sichiyankha funsoli. Chimene chimayankha ndi njira imene wojambulayo adayenda: vuto limene adapatsidwa, mmene adaonera malowo, zojambula zapamanja zoyambirira, maganizo amene adawataya ndi chifukwa chimene adawatayira.

Funso lachiwiri ndi lakuti: kodi angathe kujambula zinthu zoti mmisiri n'kumanga? Wolowa kumene ntchito sapatsidwa hotela kuti ailingalire yekha. Amapatsidwa ntchito yojambula mwatsatanetsatane zimene ena adaganiza kale: maziko, masitepe, mndandanda wa zitseko ndi mawindo, malo amene denga likukumana ndi chipupa. Potifoliyo yopanda zojambula za mtundu umenewu imamuuza wolemba ntchito kuti adzayamba kuphunzitsa munthuyo kuchokera pachiyambi.

Funso lachitatu ndi lakuti: kodi amadziwa kumene akumanga? Nyumba imamangidwa pa dothi lenileni, pansi pa dzuwa ndi mvula yeniyeni, ndi ndalama zimene mwini wake ali nazo. Apa ndi pamene msuweni wanga adagwa.

Funso lachinayi ndi la ukhondo wa ntchito. Munthu amene walakwitsa kalembedwe ka mawu patsamba loyamba, kapena waiwala kulemba sikelo, angathenso kulakwitsa muyeso wa chipupa, ndipo kulakwitsa kotero kumadya simenti ya mwini nyumba.

4.0 Kusankha Ntchito Zoikamo

Mlimi wodziwa sadinda fodya yense m'belo limodzi. Amasankha potengera mtundu, kutalika ndi kupsa kwa tsamba, chifukwa fodya woipa pang'ono amagwetsa mtengo wa belo lonse. Potifoliyo nayonso imafuna kusankha kotereku. Ntchito zinayi, zisanu kapena zisanu ndi imodzi n'zokwanira. Akuluakulu adati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma.

Ntchito zosankhidwazo zisafanane. Ndi bwino kuti pakhale ntchito yaikulu ya chaka chomaliza, ntchito ina yaing'ono monga nyumba yogona ya banja limodzi, ntchito yoonetsa zojambula zomangira, ntchito yoyeza ndi kujambula nyumba yomangidwa kale, komanso zimene munthu adachita pa nthawi yophunzira ntchito kukampani ngati adapitako. Ntchito ya chaka choyamba imene munthu amaikonda chabe chifukwa adagona nayo usiku wonse, ngati ili yofooka, ichotsedwe.

Kusankhaku kutengerenso kumene potifoliyo ikupita. Kampani imene imajambula maofesi ndi mahotela ku Lilongwe kapena ku Blantyre ifuna kuona kuti munthu amatha kusanja nyumba yaikulu. Nthambi ya boma yoona za zomangamanga, makhonsolo ndi mabungwe omanga sukulu ndi zipatala amafuna kuona nyumba zolimba, zosavuta kusamala komanso zosaboola m'thumba. Malawi Housing Corporation, imene idakhazikitsidwa mu 1964, ntchito yake ndi ya nyumba zogona. Kontilakitala amayang'ana kwambiri zojambula zomangira. N'kwanzeru kukhala ndi potifoliyo imodzi yaikulu, n'kumasinthako kasanjidwe malinga ndi wolandira.

5.0 Chuma Chimene Chili ku Kasungu

Ophunzira ambiri ochokera kumidzi amaganiza kuti kwawo kulibe choti n'kuika m'potifoliyo. Amathamangira kutengera nyumba za ku Dubai ndi Johannesburg zimene adaona pa intaneti. Koma fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Gawo lino likuonetsa zina mwa zimene chigwa cha Kasungu chingapereke.

5.1 Chigafa ndi Balani

Chigafa cha fodya wa bale ndi nyumba imene ntchito yake ndi kulamulira mpweya. Chimakhala chachitali koma chopapatiza kuti mphepo idutse pakati pa masamba. Denga lake limateteza fodya ku mvula ndi dzuwa, m'mbali mwake muli motsegula. Mlimi amadziwa kutalikirana kwa mizati, kutsetsereka kwa denga kuti udzu usasunge madzi, ndi mbali imene mvula ya mphepo imachokera. Zonsezi sadazilembe paliponse.

Balani ya fodya wa kampopi ndi yosiyana. Imamangidwa ndi njerwa, yaitali kupita m'mwamba, moto uli panja, kutentha kukudzera m'mapaipi kuti utsi usakhudze tsamba. Ili ndi timabowo m'munsi ndi ena pamwamba. Mpweya wotentha umakwera n'kutuluka ndi chinyezi, wina n'kulowa chapansi. Nzeru yomweyi ndi imene imagwiritsidwa ntchito poziziritsa kalasi kapena wodi ya chipatala popanda magetsi.

Wophunzira amene angatenge tepi, n'kukayeza chigafa ndi balani, n'kuzijambula pa sikelo ya 1:50, n'kuonetsa ndi mivi mmene mpweya ukuyendera, waonetsa zinthu zitatu nthawi imodzi: amatha kuyeza, amatha kujambula, ndipo amamvetsa chifukwa chimene nyumba ilili momwe ilili. Angapitirire n'kufunsa funso la mitengo. Zigafa zimadya mitengo chaka ndi chaka, mabalani amadya nkhuni, ndipo aliyense woyenda m'misewu ya ku Santhe, Chamama kapena Chulu amaona mmene tchire lidathera. Bungwe la ARET, limene lili ndi sukulu ya ulimi ku Mwimba m'boma lomweli, lakhala likulimbikitsa zigafa zamoyo, zimene mizati yake ndi mitengo yobzala imene ikukulabe. Ntchito yolingalira chigafa chokhalitsa, choti fodya akatha n'kusandulika mosungira mtedza kapena soya, ndi yoyenera kulowa m'potifoliyo.

5.2 Kakhalidwe ka Pamudzi

Khomo la kumudzi si nyumba imodzi. Pamakhala nyumba yogona, khitchini, nkhokwe, khola, bafa ndi chimbudzi, ndipo moyo weniweni umachitikira pabwalo ndi pakhonde. Pulani yoonetsa kumene amayi amaphikira, kumene alendo amafikira, kumene ana amasewera ndi mmene mthunzi umayendera kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi kafukufuku weniweni.

Umboni woti nzeru imeneyi ili ndi msika uli pa Kasungu pomwepa. Mu 2015 pachipatala cha boma padamalizidwa chidikiro cha amayi oyembekezera chimene chidajambulidwa ndi a MASS Design Group mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. Pulani imene idalipo kale inali ya chinyumba chimodzi cha mabedi 36. Akatswiriwa adachigawa kukhala tinyumba ta mabedi anayianayi tozungulira timabwalo, potengera mmene mudzi umakhalira. Zipupa zidamangidwa ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikizidwa ndi makina, zosaotcha. Madenga adatulukira kunja kwambiri kuti amayi ndi owadikirira azikhala panja pamthunzi ngakhale mvula ikugwa. Ntchitoyi idatchuka m'mayiko ambiri. Chimene alendo adabwera kudzaphunzira ndi chimene mwana wa kwa Kaomba kapena kwa Wimbe adakuliramo.

Zofanana ndi zimenezi zidachitika ku Burkina Faso. Francis Kéré adajambula sukulu ya pulayimale ya m'mudzi wa kwawo ku Gando akadali wophunzira ku Berlin. Sukuluyo, imene idamalizidwa mu 2001, ndi ya njerwa za dothi ndipo denga lake la malata lidakwezedwa kuti kutentha kuzituluka. Mu 2022 iye adakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphotho ya Pritzker, imene ndi yaikulu pa ntchitoyi.

Wofuna kuphunzira kamangidwe ka mtundu wina ali ndi Kamuzu Academy ku Mtunthama, imene idatsegulidwa mu 1981. Kuyerekeza sukulu imeneyi, ya njerwa zootcha ndi makomo okhota pamwamba, ndi chidikiro cha pachipatala chija kungaonetse mmene maganizo a kamangidwe asinthira m'boma limodzi m'zaka 34.

5.3 Dzuwa, Mvula ndi Zipangizo

Kasungu ali pafupifupi madigiri 13 kumwera kwa ikweta. Izi zikutanthauza kuti kwa miyezi yambiri pachaka dzuwa la masana limakhala chakumpoto, makamaka m'nyengo yozizira. Wojambula amene wangotengera buku la ku Ulaya adzaika zotchinga dzuwa mbali yolakwika, chifukwa kumeneko dzuwa limakhala chakumwera. Potifoliyo ionetse muvi wolozera kumpoto pa pulani iliyonse, ionetsenso kuti zipupa zazitali zayang'ana kumpoto ndi kumwera, ndi kuti mbali ya kumadzulo, kumene dzuwa limaotcha kwambiri mu Okutobala, yatetezedwa.

Mvula imagwa mwamphamvu kuyambira cha mu Novembala kapena Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo pachigwa chopanda mitengo mphepo imasasula madenga. Chojambula chimodzi cha sikelo ya 1:10 choonetsa mmene denga lamangiriridwira kuchipupa chimalankhula zambiri kuposa zithunzi khumi zokongola. Chimodzimodzi chojambula choonetsa mmene chinyezi ndi chiswe zatchingidwira pamaziko.

Nkhani ya njerwa ndi yofunikanso. Mu 2018 boma lidakhazikitsa malamulo, kudzera ku bungwe la NCIC, oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda. Choncho wachinyamata amene akuonetsa kuti amadziwa mabuloko a simenti, njerwa za dothi zopanikiza, ngakhalenso ubwino ndi kuipa kwa zidina ndi mdindo, akuyankha funso limene makampani amakumana nalo pa ntchito zawo.

Ena angatsutse kuti kampani ya m'tauni idzangoseka ikaona chigafa. Mfundoyi ili ndi mbali yake yoona: potifoliyo ya zigafa zokhazokha ingapereke chithunzi choti munthuyo sangathe ntchito yaikulu. Yankho lake ndi kusakaniza. Ntchito yaikulu ya kusukulu ikhalepo, ya kumudzi ikhaleponso, ndipo zionekere kuti nzeru ya mpweya ya m'balani ndi imene yalowa m'nyumba ya maofesi ija.

6.0 Kasanjidwe ka Masamba

Tsamba loyamba likhale ndi dzina, nambala ya foni ndi imelo. Lachiwiri likhale ndi CV yaifupi pamodzi ndi mapulogalamu a kompyuta amene munthu amawadziwadi, monga AutoCAD, ArchiCAD, Revit kapena SketchUp. Kutchula pulogalamu imene munthu adangoitsegula kawiri n'kudzitchera msampha, chifukwa ena amamukhazika wofuna ntchito pakompyuta tsiku lomwelo.

Ntchito yabwino koposa iyambe, ina yamphamvu itsirize. Ntchito iliyonse itenge masamba awiri kufikira anayi, ndipo iyambe ndi mizere yochepa yonena dzina la ntchito, malo, chaka, vuto limene lidalipo ndi mmene lidathetsedwera. Kenako pabwere pulani ya malo, pulani ya nyumba, chojambula chodula nyumba pakati chimene amachitcha section, maonekedwe a kunja, ndipo pomaliza chithunzi cha nyumba yomalizidwa. Chojambula chodula pakati chisasowe, pakuti ndi chimene chimaonetsa kutalika kwa chipinda, kalowedwe ka kuwala ndi kakhalidwe ka denga.

Kabuku konse kakhale ka masamba 15 mpaka 25. Zilembo zikhale za mtundu umodzi kapena iwiri, ndipo tsamba lisadzazidwe ngati minibasi. Popeza chojambula chikachepetsedwa sikelo yolembedwa ndi manambala imasokonekera, ndi bwino kuika kamzere ka sikelo kamene kamachepa limodzi ndi chojambulacho. Mizere ya zipupa zodulidwa ikhale yokhuthala kuposa ya mipando, apo ayi pulani imaoneka ngati ukonde.

Pakhale potifoliyo ziwiri. Ina ikhale ya PDF yopepuka, yosaposa 10 MB, yoti itsegulike ngakhale pafoni. Ina ikhale yosindikiza pa A3 yopita nayo kokafunsidwa mafunso. Kusindikiza kwa mitundu n'kodula, koma zojambula za mizere yakuda zosindikizidwa bwino zimakwanira. Mafayilo asungidwe malo oposa amodzi, ndipo timanyumba ta makatoni tijambulidwe tikangomalizidwa, chifukwa tikafika kumudzi makoswe ndi chinyezi sizichedwa.

7.0 Kunena Zoona

Pa okushoni, mlandu woipitsitsa ndi wobisa fodya woipa kapena zinyalala pakati pa belo. Likagwidwa, belo limabwezedwa ndipo dzina la mlimi limada. M'potifoliyo chinyengo chofanana nacho ndi kuika ntchito ya mnzako, kutenga zithunzi pa intaneti, kapena kuonetsa chithunzi chopangidwa ndi kompyuta yokha ngati kuti chili ndi pulani kumbuyo kwake. Akatswiri a ntchitoyi m'Malawi ndi ochepa ndipo amadziwana. Ena mwa olemba ntchito ndi omwewo amene amaitanidwa kusukulu kukaona ntchito za ophunzira.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe chochititsa manyazi pa ntchito ya pagulu. Chofunika ndi kulemba kuti ntchitoyo inali ya anthu angati ndi gawo limene mwini potifoliyo adachita. Zojambula za kukampani kumene munthu adaphunzira ntchito zisaikidwe popanda chilolezo, ndipo dzina la mwini nyumba lichotsedwe.

8.0 Chiyankhulo

Potifoliyo imalembedwa m'Chingerezi, koma nyumba imamangidwa m'Chichewa. Pamalo a ntchito wojambula amalankhula ndi folomani, bilidala, kalipentala, amfumu ndi komiti ya sukulu. Munthu amene sangathe kufotokozera amayi a pamudzi chifukwa chimene windo laikidwira pamene laikidwa sadamvetse pulani yake. Njira yabwino yokonzekera mafunso ndi kufotokoza ntchito iliyonse m'mphindi ziwiri, poyamba m'Chingerezi kwa mphunzitsi kapena mnzako, kenako m'Chichewa kwa mmisiri wa pamudzi. Mmisiriyo adzafunsa kuti mtanda wautali chotero ukhala pa chiyani, ndipo funso lomwelo lidzafunsidwanso muofesi. Kulemba mawu monga khonde, phaso, tsindwi ndi nsanamira pa zojambula za nyumba za kumudzi kumasonyezanso kuti wojambulayo adafikadi pamalopo ndipo adamvetsera.

9.0 Mawu Omaliza

Chimangirizochi chaonetsa kuti potifoliyo yabwino imasankha ntchito zochepa, imaonetsa kaganizidwe, ili ndi zojambula zoti mmisiri n'kumangira, imadziwa dzuwa, mvula ndi dothi la kumene ikumanga, ndiponso imanena zoona. Chaonetsanso kuti chigafa, balani ndi bwalo la pamudzi ndi zinthu zoyenera kuyezedwa ndi kujambulidwa.

Msuweni wanga adabwerera kumudzi ndi funso la katswiri uja. Adachotsa masamba oposa theka, nasiya ntchito yake ya chaka chomaliza ndi zina ziwiri. Kenako adatha masabata atatu akuyeza chigafa cha bambo ake ndi balani yakale ya paesiteti yoyandikana nawo, mng'ono wake atagwira mbali ina ya tepi. Bambo ake ankamuuza chifukwa chimene mzati uliwonse udaimikidwira pamene uli, iye n'kumalemba. Atapitanso ku Lilongwe, mafunso ambiri amene adafunsidwa anali a masamba anayi amenewo, ndipo adatengedwa kuti ayambe ntchito mongoyesedwa kwa miyezi itatu. Potifoliyo simalonjeza ntchito, pakuti mipata ndi yochepa ndipo ofuna ndi ambiri. Komabe mlimi amene wasankha bwino fodya wake amapita ku Chinkhoma mtima uli m'malo, ndipo wachinyamata amene wakonza bwino kabuku kake ali ndi choyankha akafunsidwa kuti ndi nyumba iti imene ingamangike kwawo.